Chidindo cha Chala pa Thanki ya Dizilo

Kwa zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri, tsiku la Ayuda Puja likafika, ine ndi amene ndinkadzoza thirakitala ya bambo anga. Tsiku limenelo chida chilichonse chimapuma: khasu, chikwakwa, makina osokera, ngakhale njinga. Timazitsuka, kuzindandalika pakhonde, n'kuzidontheza sandanamu, phala lachikasu lonunkhira lija, ndipo pakati pa dontho lililonse timaikapo kaufa kofiira. Madontho amenewa sapukutidwa. Amakhala mpaka mvula ndi dzuwa zitawafufuta zokha.

Thirakitala yathu, imene tinkaitcha Njati, ndiyo inkalandira ulemu woposa zida zonse. Ndinkayamba kuitsuka kukangocha, kumangirira timitengo ta nthochi kutsogolo kwake, kuiveka nkhata ya maluwa, kenako n'kuidontheza ndi chala changa chachikulu: pamphuno, pa nyale zonse ziwiri, ndi pakati pa chiwongolero. Chala chimenechi chili ndi chipsera chodutsa pakati, chimene lamba wa injini anandisiyira ndili mnyamata. Bambo ndiwo anachimanga ndi mpango wawo tsiku limenelo, uku akundikalipira.

Chaka chino ndinaitsuka monga mwa nthawi zonse. Nditatenga mbale ya sandanamu, bambo anandiyimitsa.

"Mbaleyo mupatse mlamu wako, Kathiresan. Naye ndi wa pakhomo pano tsopano."

Mlamu wangayo ndi Ilango, mwamuna wa mlongo wanga Poongodi. Anakhala zaka zisanu ndi chimodzi ku Singapore akukonza mainjini a sitima zapamadzi. Atakwatira sanamutengere Poongodi kwawo. Anabwera kudzakhala kwathu, m'chipinda chakum'mawa chimene kale tinkasungiramo mbewu. Kwathu kuno kufupi ndi Mannargudi, mwamuna wokhala kuchikamwini amasekedwa, koma Ilango palibe ankamuseka. Anali ndi wotchi yakuda padzanja, kabuku m'thumba la malaya, ndi chizolowezi chomvetsera munthu mpaka atamaliza kulankhula. Chizolowezi chimenechi ndicho chinawagwira mtima bambo. Kwa miyezi khumi ndinafunafuna chifukwa chomudera mnyamatayo, koma osachipeza, ndipo zimenezi zinkandipweteka kuposa akanakhala woipa.

Ndinamupatsa mbale ija.

"Ndiyambire pati, alamu?" anandifunsa.

"Ku sitima munkayambira pati?"

"Sitima ikanati idzozedwe yonse, sandanamu wa dziko lino akanatha," anatero akuseka, ndipo bambo anaseka naye mpaka kutsokomola.

Ilango anadontheza pamphuno, pa nyale, pa chiwongolero, timadontho tating'ono taulemu ngati ta pachipumi cha mwana. Anthu atalowa m'nyumba kukadya mbuliwuli za mpunga ndi shuga wakuda, ine ndinatsalira m'shedi. Mbale inali pansi, phala litatsala lambiri. Ndinayang'ana malo amene Ilango sanawakhudze, ndipo ndinawapeza: chivindikiro cha thanki ya dizilo. Pa Njati thanki ili kutsogolo kwenikweni kwa chiwongolero, moti woyendetsa amachiona chivindikirocho tsiku lonse, afune asafune. Ndinatapa phala lochuluka, n'kulipaka pamwamba pake, n'kudinda ndi chala changa mwamphamvu mpaka linafalikira ngati chitumbuwa. Pakati ndinathirapo ufa wofiira. Sindinkaganiza za injini. Ndinkangofuna kuti aliyense wokhala pampando umenewo aziona kuti Njati ili ndi mwini.

Mawa lake, Lachiwiri, linali tsiku lophwanya mandimu. Timaika ndimu limodzi pansi pa gudumu lililonse, ndipo woyendetsa amawaponda kuti chaka cha ntchito chiyambe bwino. Bambo anatulutsa kiyi m'thumba n'kumupatsa Ilango.

"Iwe Kathiresan ukayang'anire madzi ndi mitumbira ya m'malire. Msana wako unkakuvuta chaka chatha."

"Msana wanga uli bwino, bambo."

"Ukhale bwino choncho."

Tinali ndi maekala asanu ndi atatu oti tikande matope tisanawoke mpunga. Madzi a m'ngalande anali athu mpaka Loweruka m'mawa, kenako apite kwa a kumunsi. Mbande ku nazale zinali zitakwana masiku makumi awiri ndi asanu ndi atatu, ndipo amayi owoka tinali titapangana nawo kale za Lowerukalo. Njati ikakhala bwino, ntchito yotere imatha m'masiku atatu.

Tinachotsa matayala akumbuyo n'kuika magudumu achitsulo a m'matope. Ilango analowa m'munda woyamba, ndipo ndiyenera kuvomereza kuti ankayendetsa bwino. Ndinali pa mtumbira ndi khasu, ndikumuonera m'mbali mwa diso, ndikuyembekeza kuti alakwitse pokhota. Sanalakwitse. Koma patadutsa pafupifupi theka la ola, mawu a injini anasintha. Anatsika, anakwera pang'ono, anatsikanso, ngati munthu amene akulankhula uku tulo tikumugwira. Magudumu anayamba kuzungulira mwaulesi mpaka Njati inaima pakati pa madzi, injini ikungogunda pansipansi.

Mtima wanga unadumpha ndi chimwemwe, ndipo sindibisa.

"Alamu," ndinaitana, "sitima yanu yatitimira?"

"Sitima ilibe mwano chonchi, alamu. Njati yanu ikundiyesa."

Geji ya mafuta inafa kalekale, choncho timayeza dizilo ndi kamtengo ka nimu kokhala ndi mizere. Ilango anatsegula chivindikiro, anapisa kamtengo, anapeza dizilo alipo wambiri. Anatseka, anaponda moto, ndipo Njati inabangula ngati sinadwalepo. Anayang'ana wotchi yake n'kulemba kanthu m'kabuku.

Tsiku limenelo inachita zimenezi kasanu. Nthawi iliyonse ankaima, kuyang'ana uku ndi uku, kupisa kamtengo, ndipo mphamvu inkabwerera. Pofika madzulo anali atakanda ekala imodzi ndi theka basi. Pa kantini ya tiyi anthu ankati thirakitala yakale ili ngati ng'ombe, imadziwa dzanja la mwini wake. Mawu amenewa ndinawayambitsa ndine, koma atabwerera kwa ine kuchokera pakamwa pa ena, ndinawakhulupirira.

Lachitatu m'mawa bambo anabwera kumunda ndi ndodo yawo. Anayang'ana Njati, anayang'ana Ilango, kenako anati, "Kwera, Kathiresan."

Ndinadzaza thanki mpaka pakhosi, kuti pasakhale chonamizira. Ndinakhala pampando wanga, umene unali utatenga kale maonekedwe a thupi langa, ndipo dontho langa lalikulu lija linali pamaso panga, litauma gwa ndi dzuwa. Anansi athu anaima pa mtumbira kudzaonera. Ndinalowa m'madzi mwamatama, ndinakhota pakona ndi dzanja limodzi, matope akuuluka kumbuyo, akakowa akutsatira. Sipanathe ndi mphindi khumi ndi zisanu zomwe. Njati inatsamwa, inanjenjemera, n'kufooka pamaso pa anthu onse, msanga kuposa mmene inkachitira kwa Ilango.

Poongodi anali atabweretsa madzi akumwa. "Achimwene," anatero, "si paja mumati imadziwa mwini wake? Kapena yakuiwalani?"

"Khala chete iwe. Amuna ako ayiwononga dzulo."

"Mwina ndi zoona," anatero Ilango, wopanda mkwiyo uliwonse. "Tiyeni tiyang'ane limodzi."

Bambo sanaseke ndi anthu ena aja. Anakhala pa mtumbira n'kunena pang'onopang'ono, monga amachitira akakhala kuti atsimikiza kale.

"Ndamuimbira Sikkandar wa ku Kumbakonam, uja amasinthitsa mathirakitala. Abwera mawa masana. Njati ikakhala isanachire, aitenge, atibweretsere ina Lachisanu. Ilango anaiona kale ina kumeneko, ya chiwongolero chopepuka. Mbande sizidikira munthu."

"Nanga yatsopanoyo aziyendetsa ndani?" ndinafunsa.

Bambo anayang'ana kumadzi.

Mathirakitala a masiku ano ali ndi mawaya ndi timagetsi tambiri timene ine sindizidziwa, ndipo Ilango amaziwerenga ngati kalata. Njati ndicho chinthu chokha padziko lapansi chimene ndinkachidziwa kuposa iye. Ikachoka pakhomo pathu, ine nditsala ndi khasu mpaka ukalamba.

Tinaitulutsira pamtunda pansi pa mtengo wa bwemba, n'kuyala thumba loikapo zitsulo. Injini ya dizilo ikamafooka n'kubwereranso, kawirikawiri imakhala kuti ikumanidwa mafuta kapena mpweya, choncho tinayambira ku mafuta. Pansi pa thanki pali kambale kagalasi kosungira madzi ndi zinyalala. Ndinakamasula. Munali timadzi pang'ono ndi dzimbiri.

"Mwaona, alamu? Dizilo wanu uja munagula Lolemba ndi wamadzi."

"Timadzi timeneti sitingagwetse njati," anatero, akukayang'anitsa padzuwa. "Koma titsuke."

Tinatsuka. Tinamasula masefa onse awiri a mafuta. Imodzi inali yakuda ndithu, ndipo tinaika yatsopano imene ndinkasunga m'shedi. Kenako tinachotsa mpweya m'mapaipi: iye ankapopa kapampu ka m'mbali ndi chala, ine ndikumasula kabawuti mpaka thovu litatha, dizilo n'kumatuluka woyera. Ndinaliza injini. Inalira bwino mphindi khumi, ndipo tinayang'anizana. Titalowa m'matope, isanathe mizere isanu ndi umodzi, inafookanso.

Tinatulukanso. Tinatsegula kapampu kaja n'kutsuka kasefa ka waya ka m'kati mwake. Tinakhuthula oyilo wa mu sefa ya mpweya, amene anali atasanduka phala ndi fumbi la chilimwe, n'kuthira wina. Ndinamasula paipi yochokera ku thanki n'kuuziramo ndi pakamwa, Ilango atatsegula chivindikiro n'kutchera khutu. Anamva thovu likubwata m'thanki, kusonyeza kuti njira inali yotseguka. Dizilo anandilowa m'kamwa, ndipo ndinalavula mpaka madzulo.

"Mukamakapsompsona akazi anu lero, muwachenjeze asayandikire moto," anatero Ilango.

Sindinafune kuseka, koma ndinaseka, ndipo ndinadzikwiyira.

Chinkandinyansa kwambiri ndi kabuku kake. Nthawi iliyonse Njati ikafooka, iye ankayang'ana wotchi n'kulemba. Ine ndinaphunzira injini ndi khutu ndi zipsera, osati ndi pensulo. Koma bambo ankamuyang'ana akulemba, n'kumagwedeza mutu mokhutira. Madzulo a tsiku limenelo ndinawamva akuuza mnzawo pa msewu kuti mlendo ndiye amabwera ndi kalumo kakuthwa. Ine ndinali kumbuyo kwawo, nditanyamula sefa yakuda ija m'manja.

Lachinayi m'mawa tinali titakanda maekala atatu okha. Tinayesanso. Dzuwa lili pafupi kufika pamutu, ndinaikakamiza Njati itayamba kufooka, osachotsa phazi, mpaka inazimiratu. Masiku onse aja tinkaima injini ikugundabe, ndipo phokoso lake linkaphimba chilichonse. Tsopano kunali zii. Ndinkamva madzi akulowa pa kakhwawa ka m'malire, ndi khwangwala kutali. Ilango anali atapita ku mtengo wa bwemba kukatenga sipanala.

Ndinagwira chivindikiro kuti ndipise kamtengo. Chinalimba ngati wina akuchikoka m'kati. Nditachipotokola, ndinamva mpweya ukulowa, fyuu, ngati munthu wokoka mpweya pakati pa mano, ndipo chitsulo cha thanki chinalira kuti pho, chikubwerera m'malo mwake.

Ndinayang'ana chivindikiro chili m'manja mwanga.

Thanki iyenera kupuma. Dizilo akamatsika, mpweya uyenera kulowa m'malo mwake, apo ayi kapampu kamakoka mpaka kulephera, monga mmene madzi a m'kokonati amakanira kutuluka ukaboola diso limodzi lokha. N'chifukwa chake pakati pa chivindikiro pali kabowo kochepa ngati diso la singano. Kabowo kameneka ndinkakadziwa bwino. Chilimwe chilichonse ndinkakatokosa ndi waya. Mphira ya m'kati mwa chivindikiro ndinaidula ndekha ku chubu chakale, ndipo inkatseka bwino kwambiri, moti mpweya unalibe njira ina. Ndinatembenuza chivindikiro. M'kati kabowo kankaoneka. Kunja kanali pansi pa chitumbuwa changa cha sandanamu, chouma ngati njerwa, pakati penipeni pa chidindo cha chala changa. Nthawi zonse tikatsegula kuti tiyeze dizilo, tinkaipatsa Njati mpweya osadziwa, ndipo tikatseka tinkaitsamwitsanso.

M'mbali mwa munda munali chitsamba cha minga. Munga umodzi ukanathetsa nkhani yonse m'kuphethira kwa diso, popanda wina kudziwa. Ndikanati inali sefa, kapena oyilo, ndipo tikanamaliza ntchito. Ndinaziganizira zimenezi, ndipo ndinaona mmene zikanathera: bambo akanati anyamata awiriwa achiritsa thirakitala, ndipo m'mtima mwawo akanayamika kabuku. Ndinabwezera chivindikiro n'kuchimanga zolimba.

Ilango anafika akuyenda m'matope, sipanala m'dzanja limodzi, kabuku m'dzanja lina.

"Alamu, taonani izi. Dzulo m'mawa munadzaza thanki, inafooka pa mphindi khumi ndi zinayi. Lachiwiri madzulo inali theka, inapirira mphindi makumi anayi. Ikadzaza imafooka msanga. Ndikanayembekeza zosiyana. Chingachititse zimenezi n'chiyani?"

Anali atatsala phazi limodzi. Thanki yodzaza imakhala ndi mpweya wochepa pamwamba, ndiye imatsamwa msanga. Akanangokhala pansi mphindi zisanu, akanalipeza yankho ndi pensulo yake yomweyo.

"Musadzizunguze mutu ndi manambala," ndinatero. "Ndaipeza. Ndi mphira ya m'kati mwa kapampu, yatopa. Ikatentha imalephera kukoka. Thamangani ku tauni mukagule ina. Ine ndikhala ndikuchotsa mpweya."

Anandiyang'ana pang'ono. "Mphira ija tinaiona dzulo, sinali yong'ambika."

"Zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri, alamu. Inu miyezi khumi."

"Chabwino, inu ndinu mukuidziwa," anatero.

Njinga yamoto inali itapita ndi msuweni wathu, choncho anatenga yakapalasa. Ku tauni ndi makilomita khumi ndi awiri, ndipo dzuwa linali pamutu. Ndinamuyang'ana akupalasa pa msewu wa m'mbali mwa ngalande mpaka anabisika ndi migwalangwa. Kenako ndinachotsa mpweya m'mapaipi, ndinadzaza thanki mpaka pakhosi, ndinathyola munga wautali n'kuubaya pa kolala ya malaya anga. Ndinakhala pamthunzi. Kwa maola atatu madzi athu ankadutsa m'minda yosakanda, ine ndili chikhalire.

Sikkandar anafika ndi bambo dzuwa litapendeka, Poongodi ali pambuyo pawo ndi ketulo ya tiyi. Ndi munthu wonenepa, wa chipewa choyera, amene amalankhula ndi thirakitala asanapereke moni kwa eni ake. Anaizungulira Njati, anagogoda pa thanki, anasuzumira pansi.

"Mayi wokalamba, mwavutika," anatero. "Achikulire, iyi musati thirakitala. Iyi ndi mbiri yakale. Mukanaipereka kusukulu ana aziphunzirirapo."

"Inalima munda wa bambo ako iwe usanamere mano," anayankha bambo.

"N'chifukwa chake ndikuilemekeza. Ndidzaipatsa malo abwino pamthunzi."

Nthawi yomweyo Ilango anatulukira, malaya atamatirira pathupi, nkhope itafiira, kapaketi ka mphira kali m'thumba. Ndinadikira mpaka atatsika panjinga.

"Bambo," ndinatero, "musanagwirane chanza ndi a Sikkandar, ndipatseni kotala la ola. Nonse muime apa muone."

Ndinaliza injini n'kulowa m'munda wapafupi. Ndinazungulira kanayi, kasanu. Pa ulendo wachisanu ndi chimodzi Njati inayamba kutsamwa, ndipo ndinaikokera kufupi ndi pamene anaima. Sikkandar anali akumwetulira kale. Injini itatsala pang'ono kuzima, ndinatambasula dzanja, osachotsa phazi pa moto, n'kupotokola chivindikiro theka. Panadutsa kanthawi kochepa, Njati inatsokomola kawiri, kenako inabangula, utsi wakuda n'kutuluka, magudumu n'kuwaza matope mpaka pa malaya oyera a Sikkandar.

Ndinazimitsa injini n'kutsika ndi chivindikiro m'manja.

"Si pampu, si sefa," ndinatero mokweza kuti onse amve. "Thanki ikulephera kupuma. Pali kabowo apa. Wina anamatapo sandanamu tsiku la Puja."

Ndinasolola munga uja pa kolala n'kubaya pakati pa ufa wofiira. Unalowa n'kutulukira kuseri. Phala lotsalalo sindinalikhudze, pakuti dontho la Puja silipukutidwa.

Sindinatchule dzina. Panalibe chifukwa. Aliyense ankadziwa amene anagwira mbale chaka chino.

Sikkandar anaseka mpaka kugwira pamimba. "Injiniya wa ku Singapore. Madalitso achuluka mpaka thirakitala yakomoka."

Ilango anatambasula dzanja, ndipo ndinamupatsa chivindikiro. Anachiyang'ana nthawi yaitali. Phala louma limasunga chilichonse. Mizere ya chala inkaoneka bwinobwino, ndipo pakati pake panadutsa mzere umodzi wokhuthala, wopingasa. Ndinali ndisanauganizire mzere umenewo. Maso ake anachoka pa chivindikiro n'kupita pa dzanja langa lamanja, ndipo ndinapeza kuti ndalibisa kale kumbuyo. Kenako anayang'ana kapaketi ka mphira m'thumba lake, ndi njinga imene inagona pa udzu.

"Koma inu simunadzoze pamenepo," anayamba Poongodi. "Ine ndinalipo, munangodontheza pa..."

"Ndinadzoza," anatero Ilango. "Ndinabwereranso nonse mutalowa m'nyumba. Pepani, bambo. Ndakutayitsani masiku atatu a madzi."

Bambo anatenga chivindikiro m'manja mwake. Maso awo ndi ofooka masiku ano, choncho anachiyandikiza kunkhope, kenako anayendetsa chala chawo pamwamba pa phala lija mofatsa, monga amachitira poyesa ngati mpunga wauma. Chala chawo chinaima pa mzere uja. Ndinadikira kuti alankhule. Akanandikalipira pamaso pa Sikkandar, mwina bwenzi zitatha tsiku lomwelo.

Anachibwezera okha pa thanki n'kuchimanga.

"Sikkandar, wamwa tiyi wathu, pita bwino. Njati sikupita kulikonse." Anatembenukira kwa ine. "Kiyi ali ndi iwe, Kathiresan. Akhale ndi iwe. Yendetsa, madzi akupita."

Ndicho chimene ndinkafuna, ndipo ndinachilandira. Ndinakwera. Ndisanalize injini, bambo anayandikira gudumu n'kulankhula motsitsa, kuti ndimve ine ndekha.

"Chala chija chimapwetekabe kukazizira?"

"Ayi, bambo."

"Chinapola bwino. Ndinkaopa kuti chipsera chidzafufutika."

Anapita pamene panaima Ilango, n'kumupatsa Poongodi ndodo yawo, iwo n'kugwira mkono wa mkamwini wawo.

"Tiye, mwana wanga, ukasambe. Wapsa ndi dzuwa."

Anayenda choncho pa mtumbira wopapatiza, bambo atatsamira pa iye, Poongodi akukankha njinga pambuyo. Mlongo wanga anatembenuka kamodzi kundiyang'ana, ndipo sanandiseke monga amachitira. Pa zaka zanga zonse bambo sanayambe atsamirapo pa mkono wanga. Amati ndimayenda mofulumira.

Njati sinafookenso. Ndinakanda mpaka mdima, Lachisanu ndinayamba kusanache bwino, ndipo Loweruka m'mawa, pamene a kumunsi ankatseka kakhwawa kathu, ekala imodzi yokha ndiyo inatsala. Imeneyo tinaisiya gonera chaka chino. Pa kantini ya tiyi nkhani inafalikira, ndipo kwa milungu ingapo ana a sukulu ankamuitana Ilango kuti Injiniya Sandanamu. Iye ankawayankha ndi sawatcha. Mphira ija anagula anaipachika pa msomali m'shedi, ikadali m'kapaketi kake, ndipo ndimaiona nthawi iliyonse ndikamatenga sipanala.

Mpunga tsopano wafika m'mawondo. Ine ndi amene ndimayendetsa, ndipo palibe amene amatchulanso za thirakitala ya chiwongolero chopepuka. Madontho ang'onoang'ono a Ilango mvula inawatsuka kalekale. Langa lija ndinalipaka lochindikala kwambiri, ndipo likadalipo, pamaso panga tsiku lonse, ndi kabowo ka munga pakati.

Madzulo bambo amakhala pakhonde ndi Ilango, akumuuza za minda, za malire akale, za mmene agogo anakumbira chitsime, nkhani zimene ine ndinkazimva mwa apo ndi apo ndikudutsa. Ndikafika amandipatsa malo, ndipo Ilango amanditsanulira tiyi.

"Njati yayenda bwanji lero, alamu?"

"Bwino."

"Ikupuma?"

Amafunsa ndi nkhope yoyera, ndipo ndayesetsa kupezamo chitonzo koma mulibe. Tsiku lililonse ndimadikira kuti anene, ngakhale kamodzi, ngakhale tili awiri m'shedi, kuti akudziwa chimene ndinachita ndi dzuwa limene ndinamuyendetsamo. Akangonena, ndidzakhala ndi chifukwa chomudera chimene ndakhala ndikuchifuna chaka chonse. Mpaka lero sananene.